Chamba cha m'girinihausi ndi akangaude ake

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi ya tizilombo toononga mbewu, amaganiza kuti ndimayenda ndi mayina a mankhwala m'mutu. Amayembekeza kuti akanditumizira chithunzi cha tsamba pa WhatsApp, ine ndiyankha ndi dzina la botolo komanso kuchuluka kwa zivindikiro zothira mu sipuleya. Funso lake ndi limodzimodzi: "Alangizi, ndipopere chiyani?" Kale linkachokera kwa alimi a tomato, a kabichi ndi a thonje. Masiku ano likuchokeranso kwa alimi atsopano amene atenga chilolezo cholima chamba, amanga girinihausi, abzala, ndipo pasanathe miyezi iwiri akuona masamba akuchita timadontho toyera.

Za lamulo ndizinene poyamba kuti tisasokonezane. Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, ndipo bungwe la Cannabis Regulatory Authority ndilo limapereka zilolezo. Kulima popanda chilolezo ndi mlandu, kusuta kudakali koletsedwa. Ndikulankhula ndi inu amene muli ndi pepala lanu, kaya panokha kaya kudzera mu kopaletivi. Alimi a tomato ndi tsabola a m'girinihausi musachoke, chifukwa adani a mbewu zanu ndi omwewa.

Mlimi amamanga girinihausi kuti mbewu yake isamenyedwe ndi mvula, mphepo ndi dzuwa, komanso kuti mungu wochokera kutali usafike pa maluwa. Zimenezi zimathekadi. Koma walira mvula walira matope: denga lomwe lateteza mbewu latetezanso tizilombo. Kudimba mvula yamphamvu imakokolola nsabwe ndi akangaude kuchokera pa masamba. Kudimba kuli tizikumbu tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe, kuli timavu ting'onoting'ono toikira mazira m'thupi mwa nsabwezo, kuli mbalame, kuli usiku wozizira wa Juni umene umachedwetsa kuswana. M'girinihausi mulibe zonsezi. Muli kutentha kosasintha, mbewu ya mtundu umodzi yothithikana, ndi masamba anthete odzaza ndi feteleza. Kachilombo kamodzi kakalowa, kapeza chakudya koma mdani sikampeza.

Wamkulu wa onse ndi kangaude wofiira, amene alimi a tomato a ku Ntcheu ndi ku Dedza amamudziwa bwino m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala. Pa tomato pamakonda kukhala mtundu wotchedwa Tetranychus evansi, pamene pa chamba mtundu wovuta kwambiri ndi Tetranychus urticae, wa madontho awiri akuda pamsana, umene nthawi zambiri sukhala wofiira n'komwe koma wobiriwira motuwa. Kukula kwake ndi pafupifupi theka la milimita. Amakhala kunsi kwa tsamba, kumene mlimi wongodutsa sayang'anako. Amaboola tsamba ndi kuyamwa zam'kati, ndipo pamene wayamwa pamatsala kadontho koyera. Timadontho tikachuluka tsamba limachita chikasu, kenaka limauma. Mukaona ulusi ukuyanga pa nsonga za nthambi, dziwani kuti akangaudewo akhala m'menemo masabata angapo ndipo tsopano adzaza moti akufunafuna kosamukira.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa kachilombo aka ndi liwiro la kuswana kwake. Kukatentha kufika madigiri 30, kuchokera pa dzira kufika pa kangaude woikiranso mazira zimatenga pafupifupi sabata imodzi. Kukazizira kufika madigiri 15 ulendo womwewo umatenga mwezi wathunthu ndi kupitirira. Wamkazi mmodzi amaikira mazira okwana pafupifupi 100 pa moyo wake, ndipo safunika ngakhale wamwamuna kuti ayambe: akaikira asanakumane ndi wamwamuna, mazirawo amaswa ana aamuna, amene kenaka amakwerana naye, mtundu n'kuyambika. Tsono taganizani girinihausi ya pulasitiki m'mwezi wa Okutobala, masana, mazenera atatsekedwa. Pamenepo mibadwo inayi imatha kudutsana m'mwezi umodzi. N'chifukwa chake mlimi amalumbira kuti sabata yatha munalibe kanthu. Munali ndithu, koma anali ochepa ndipo palibe amene adatembenuza tsamba.

Ntchito yanga yeniyeni ndi imeneyo: kutembenuza masamba. Chida changa chachikulu ndi kagalasi kokulitsa zinthu maulendo 10, kokwana m'thumba la malaya, pamodzi ndi pepala loyera ndi kope. Ndikalowa m'girinihausi ndimayamba ndi mbewu za pakhomo, za m'mphepete mwa zipupa, ndi za pakona yotentha kwambiri pamene mphepo sifika bwino, chifukwa tizilombo timayambira malo amenewa. Pa mtengo uliwonse umene ndasankha ndimayang'ana masamba apansi, apakati ndi apamwamba, kunsi kwake. Ndimaika pepala loyera pansi pa nthambi n'kuigwedeza, kenaka ndimadikira kuti ndione ngati tifumbi tagwerapo tiyambe kuyenda. Ndikapeza kanthu ndimamanga kachingwe kofiira pa mtengowo ndi kulemba m'kope tsiku, mzere wake ndi kuchuluka kwa zimene ndaona. Palibe chovuta apa chimene wantchito wodziwa kuwerenga sangachiphunzire m'masiku ochepa. Chovuta n'chakuti zichitike kawiri pa sabata osadumphitsa, ngakhale mbewu ikuoneka yosangalatsa. Kopelo ndilo limakuuzani ngati tizilombo tikuchuluka kapena tikuchepa, ndipo popanda ilo ngakhale katswiri amangolota.

Tsopano tibwere ku sipuleya. Mlimi wozolowera kudimba akaona kachilombo amathamangira cypermethrin, poti ndi wotsika mtengo ndipo amapezeka m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Pa kangaude mankhwala amenewa amaonjezera vuto. Kangaude sali m'gulu la ntchentche, mbozi ndi nsabwe. Ali ndi miyendo isanu ndi itatu, ndipo mankhwala ambiri opangidwira tizilombo tinato samupha mokwanira. Amene amafa ndi adani ake. Imidacloprid, amene alimi a fodya amamudziwa m'nazale, nayenso amadziwika kuti akangaude amachuluka akathiridwa. Kuonjezera apo, Tetranychus urticae ndi mmodzi mwa tizilombo tozolowera mankhwala msanga kuposa tina tonse: pa dziko lapansi adapezeka kale kuti sakufanso ndi mitundu ya mankhwala yoposa 90. Wopopera mankhwala amodzimodzi sabata ndi sabata amakhala akusankha yekha akangaude olimba kuti ndiwo aswane.

Komabe chifukwa chachikulu chimene ndimakanizira mankhwala amenewa pa chamba si kulephera kwake. Ndi kumene mbewuyi ikupita. Tomato amatsukidwa, ndipo pa botolo amalemba masiku oti mudikire musanathyole. Chamba cha mankhwala chimalimidwa chifukwa cha maluwa ake, ndipo maluwawo amakutidwa ndi utomoni womata ngati ulimbo. Chilichonse chogwerapo chimakakamira: fumbi, mitembo ya tizilombo, ndi dontho lililonse la mankhwala. Simungalitsuke duwa limenelo popanda kuliononga. Likapita ku fakitale amafinyamo mafuta, ndipo pofinyapo mankhwala aja nawonso amasonkhana m'mafutamo mochuluka kuposa m'mene analili pa duwa. Amene adzamwe mafutawo ndi wodwala, mwina mwana wa khunyu, mwina munthu wa khansa amene thupi lake lafooka kale. Ine sindingauze mlimi kuti apopere chinthu chimene chikathere m'thupi la munthu wotere.

Zidachitikapo kwina. Ku Canada, kumapeto kwa 2016 ndi kumayambiriro kwa 2017, makampani ena a chilolezo adabweza chamba cha mankhwala chimene chinali chitafika kale kwa odwala, atapeza kuti chinali ndi mankhwala osaloledwa, kuphatikizapo myclobutanil. Amenewa ndi mankhwala a nguwi ololedwa pa zipatso monga mphesa, koma akatenthedwa amatulutsa mpweya wa poizoni wa hydrogen cyanide. Zitatero boma la dzikolo lidalamula kuti chamba chonse cha chilolezo chiziyezedwa mankhwala chisanagulitsidwe, ndipo lamulo limeneli lidayamba kugwira ntchito mu Januwale 2019. Ogula a kunja amene alimi athu akuwayembekezera amayeza chimodzimodzi, ndi makina oona ngakhale kadontho kochepetsetsa. Mlimi atha kupulumutsa mbewu yake kwa akangaude n'kudzaitaya yonse pa tsiku loyeza, ndalama za chilolezo, za pulasitiki ndi za magetsi zitalowa kale.

Kumbukiraninso kuti mbewuyi ndi yachilendo m'kafukufuku wathu. Kuyesa mitundu ya chamba cha m'mafakitale kudayamba ku Chitedze mu 2015, pamene fodya, thonje ndi chimanga takhala tikuzifufuza kwa zaka zambirimbiri. Tengani botolo lililonse m'sitolo muwerenge lebulo yake. Mupeza tomato, thonje, fodya, nyemba, koma dzina la chamba ine sindidalionepo. Lebulo si chokongoletsa botolo. Mankhwala amalembetsedwa ku Pesticides Control Board kuti agwire ntchito pa mbewu zotchulidwazo, pa mlingo wotchulidwawo. Musanathire chilichonse funsani kumeneko, ndipo funsani wogula wanu akupatseni mndandanda wolembedwa wa zimene amalola. Mawu a pakamwa a wogulitsa mankhwala sadzakuthandizani katundu akakanidwa.

Nanga mlimi agwire chiyani? Nkhondo yonse iyenera kumenyedwa maluwa asanatuluke. Mbewu ikadali pa msinkhu wa masamba okhaokha muli ndi zida zingapo. Madzi enieni, opopera mwamphamvu kunsi kwa masamba m'mamawa, amagwetsa akangaude ndi nsabwe zambiri. Masamba apansi ogwidwa kwambiri athotholeni, muwaike m'thumba pomwepo, mumange, mutulutse. Sopo wopangidwira tizilombo ta mbewu ndi mafuta a nimu zimapha kachilombo kamene zakakhudza kokha, choncho mpopi uyenera kuloza m'mwamba kuchokera pansi. Kunyowetsa pamwamba pa tsamba n'kutaya ndalama. Sopo waufa wochapira amawaula masamba. Popeza mazira ambiri safa, mubwereze pakatha masiku 5 mpaka 7, katatu motsatizana, kuti ana oswedwa kumene afe asanaikire awo. Salufa amathandiza pa akangaude ndi pa nguwi yoyera, koma musamuthire kukatentha kupitirira madigiri 30, kapena pasanathe masabata awiri chithirireni mafuta, chifukwa zikakumana zimatentha mbewu. Chilichonse chatsopano chiyeseni pa mitengo iwiri kapena itatu, mudikire masiku awiri muone.

Ena amandifunsa za ombwe, poti ndi wachilengedwe ndipo amatithandiza pa nyemba ndi pa ndiwo zamasamba. Ombwe ndi yemwe uja amaledzeretsa nsomba m'madzi. Kukhala wa kutchire sikumuchotsera poizoni, ndipo pa mbewu yopita ku mankhwala a anthu ndimakana. Madzi a fodya ndimakananso, pa chifukwa chomwecho.

Maluwa akayamba, ngakhale sopo, nimu ndi salufa ziyenera kuima, chifukwa zimasiya fungo ndi zotsalira pa utomoni, ndipo kunyowetsa duwa lothinana n'kuitana kuola. Mitundu yambiri imatenga masabata 8 mpaka 10 kuti maluwa akhwime. Nthawi yonseyo manja anu amakhala omangidwa, ndipo kwa kangaude nthawi imeneyo ndi mibadwo isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Apa m'pamene alimi a m'maiko ena amadalira kangaude mnzake wodya akangaude, wotchedwa Phytoseiulus persimilis. Minda ya maluwa a rozi ya ku Naivasha ku Kenya imamugwiritsa ntchito kwambiri, ndipo m'dzikomo muli makampani oweta ndi kugulitsa. Amagwira ntchito bwino pa kangaude wa madontho awiri, koma amafooka kukatentha ndi kuuma kwambiri, ndipo amafa mukathira mankhwala wamba. Kuitanitsa zamoyo zotere kuchokera kunja kumafuna chilolezo cha a zaulimi. Ndikanakonda ofufuza athu, ku Bvumbwe, ku Chitedze ndi ku Bunda, ataikapo mtima pa kuweta adani a tizilombo konkuno, chifukwa phindu lake lingafikenso kwa mlimi wa tomato amene lero akupopera kawiri pa sabata.

Adani ena a mbewuyi ndiwatchule mwachidule. Nsabwe zimabereka ana amoyo popanda kukwerana, zimakonda nsonga zanthete, ndipo zimatulutsa madzi otsekemera amene amadetsa masamba. Mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa mtengo, zitsatireni, zikufikitsani pa nsabwe. Ntchentche zoyera, zomwe zija zimafalitsa khate la chinangwa, zimauluka mukagwedeza nthambi. Mathiripisi amasiya mizere yonyezimira ndi timadontho takuda pa tsamba, ndipo pa msinkhu wina amagwera m'dothi, kotero kupopera masamba okha sikuwamaliza. Timapepala tomata tachikasu ndi tabuluu, topachikidwa pamwamba pang'ono pa mbewu, timakuonetsani msanga kuti alowa. Si mankhwala, ndi alonda chabe, ndipo muziwerenga zimene zamatapo sabata iliyonse. Tintchentche takuda touluka pa miphika ndi chizindikiro chakuti mukuthirira mopitirira. Mphutsi zake zimadya timizu ta mbande, ndipo mukalola dothi la pamwamba kuuma musanathirirenso, zimachepa zokha.

Mbozi ndiyo ikhudzana ndi magetsi. Kuno kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse: ku Lilongwe usana umakhala pakati pa maola 11 ndi 13. Mitundu yambiri ya chamba ikaona usiku wautali chotere imathamangira kuchita maluwa ikadali yaifupi, choncho alimi amayatsa mababu madzulo kuti ipitirize kukula. Mababuwo amakoka agulugufe a usiku, ndipo pakati pawo pali amayi ake a mbozi ija yoboola tomato, thonje ndi nandolo. Mbozi ikalowa m'duwa imadya m'kati, ndipo m'bowo lake mumayamba nguwi yotuwa imene imaoletsa duwa kuchokera m'kati kunja kukuoneka bwino. Mankhwala a Bt, opangidwa kuchokera ku tizilombo ta m'dothi, amapha mbozi zing'onozing'ono zikadya, koma mbozi ikalowa m'duwa sailondola. Neti yopanda chibowo ndiyo imagwira ntchito imeneyi. Nguwi yotuwayo imabweranso yokha m'nyengo ya mvula, mpweya ukanyowa ndipo usakuyenda. Talikitsani mitengo, chotsani masamba othithikana m'kati, thirirani m'mawa osati madzulo, ndipo pa nthawi ya maluwa yesetsani kuti chinyezi chisapitirire 60 peresenti. Kachida koyezera kutentha ndi chinyezi n'kotsika mtengo poyerekeza ndi duwa limodzi lalikulu loola.

Funso limene ndimafunsa mlimi aliyense ndi lakuti tizilomboti tidalowa bwanji, ndipo yankho lake kawirikawiri limakhala pa anthu. Njira yoyamba ndi mbande kapena nthambi zodula zochokera kwa mlimi wina. Zimabwera zikuoneka zoyera, mazira ali kunsi kwa tsamba. Mbewu iliyonse yachilendo ikhale payokha, kutali ndi girinihausi, kwa masiku osachepera 14, mukuiyang'ana ndi kagalasi. Njira yachiwiri ndi zovala. Wantchito amene wayamba wadzera kudimba kwake m'mawa kukathirira tomato amalowa ndi akangaude pa buluku ndi pa mikono ya malaya, iye osadziwa. Si mlandu wake. Mugulireni ovolosi ndi nsapato zokhalira pakhomo pa girinihausi, ndipo alendo ofuna kungoona aonere panja. Njira yachitatu ndi udzu wozungulira. Bonongwe, chisoso, mnadzi ndi nsatsi zimasunga akangaude, nsabwe ndi ntchentche zoyera, choncho lambulani mamita angapo kuzungulira nyumbayo. Neti ya udzudzu ili ndi maso aakulu. Gulani neti yopangidwira girinihausi, ndipo khomo likhale la zitseko ziwiri, kuti china chikatseguka china chikhale chotseka. Pogwira ntchito yambani kumene kuli mbewu zabwino, mutsirizire kodwala. Mipeni ndi sizasi muziviika m'madzi a jiki pochoka pa mtengo wina kupita pa wina, chifukwa pali matenda amene amayenda pa mpeni.

Zambiri mwa izi si zachilendo kwa ife. Aliyense wokulira pa fodya amadziwa kuti m'nazale sasutiramo, kuti amasamba m'manja ndi sopo asanagwire mbande, ndi kuti akamaliza kuthyola amazula mapesi kuti nsabwe ndi matenda zisapeze pogonera mpaka chaka chamawa. Nzeru yomweyo ilowe m'girinihausi. Mukakolola tulutsani chilichonse, mizu ndi masamba ogwa omwe, tsukani zipupa ndi miphika, ndipo nyumbayo ikhale yopanda chomera kwa masabata awiri, yotseka, dzuwa likuiotcha. Ndikudziwa kuti mlimi amene ali ndi ngongole amaona masabata awiriwo ngati ndalama yotayika, ndiye amabzala mbewu yatsopano pambali pa yakale. Akatero ndiye kuti akangaude a mbewu yakale awasamutsira yekha pa mbande. Samalaninso ndi feteleza wokulitsa: nayitirojeni wochuluka amapanga masamba ofewa amene nsabwe ndi akangaude amaswana nawo msanga, ndipo mbewu yosowa madzi kapena yodzaza fumbi ndiyo imayamba kugwidwa.

Mawu ovuta kwambiri amene ndimanena kwa mlimi ndi akuti zulani. Mtengo wa maluwa ukayangidwa ulusi, palibe choupulumutsa chimene chingasiye duwa lake loyenera wodwala. Uvekeni thumba la pulasitiki kuchokera pamwamba musanaugwedeze, mudule pansi, mutulutse, ndipo muuononge motsatira ndondomeko ya chilolezo chanu, mutalemba m'kaundula. Mitengo yoyandikana nayo muiyang'ane tsiku ndi tsiku. Mlimi amawawidwa mtima, poti mtengowo wausamala miyezi itatu, ndipo ine ndimamumvetsa. Koma ndaonapo girinihausi yathunthu ikutha chifukwa mwini wake adamvera chisoni mitengo ingapo ya pakona.

Kwa inu amene mukuyamba kumene, ndikupemphani kuti musadzaze girinihausi yaikulu pa ulendo woyamba. Bzalani mitengo imene mungathe kuiyendera yonse ndi kutembenuza masamba ake kawiri pa sabata. Pa bajeti yanu ikanipo neti, ovolosi, timapepala tomata, kagalasi ndi kope musanaganize za sipuleya, ndipo sankhani munthu mmodzi amene ntchito yake ikhale yoyendera mbewu, mumulipire pa ntchito imeneyo. Mukapeza kachilombo kosadziwika, kaikeni m'kabotolo pamodzi ndi tsamba lake, mupite nako kwa mlangizi wa m'dera lanu kapena ku malo a kafukufuku amene muli nawo pafupi, musanagule mankhwala alionse.